Chaka chimene manja a Yotamu ankanjenjemera

Monire mose. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, inu ana anga amene mukuphunzira ntchito ya chipatala, ndi inu makolo amene mwawaperekeza. Andiuza kuti ndilankhule Chichewa chifukwa ena mwachokera ku Zomba, ena ku Ntcheu. Chichewa changa ndi cha pamsika, ndinachitola ndikugulitsa usipa, ndiye pamene chapindika muziwongola nokha mumtima. Ndine NyaLongwe wa ku Mchengautuwa, kwathu kwenikweni ndi ku Nkhata Bay, sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Nkhani yanga ndi ya mwana wanga Yotamu, mmene anagwera atatsala pang'ono kumaliza, ndi mmene ine ndinagwera naye limodzi. Mwini wake anandilola kuti ndinene. Anangoti, "Amama, musakachulukitse." Ndiyesetsa, koma pakamwa panga mwapaona kale.

Yotamu ndi mwana wanga woyamba. Bambo ake, a Gondwe, anamwalira iye ali kusekondale, ndiye amene anamuphunzitsa ndi usipa womwewo. Ndinkakwera basi ya m'mawa kukapikula kunyanja, kubwera dengu lili pamiyendo, anthu akutseka mphuno. Atakhoza anamutenga ku Lilongwe kukaphunzira ukilinikala ofisala. Nthawi imeneyo udokotala waukuluwo ankakaphunzira kunja kwa dziko, koma ife a ku Mchengautuwa kusiyanako sitinkakudziwa. Munthu wavala zoyera, wakoleka kachingwe komvera mtima m'khosi, ameneyo ndi dokotala basi. Atamaliza za m'kalasi anamutumiza kuno ku Mzuzu, pa chipatala china chimene sinditchula, kuti agwire chaka chimodzi pansi pa akuluakulu. Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Chakacho chikatha, wamkulu wako akasaina ndiye kuti wamasuka, ukhoza kugwira wekha. Akapanda kusaina, zaka zonse zija zalowa m'madzi.

Abale, ine ndinanyada. Mwana wobala ndekha ndinasiya kumutchula dzina, ndinkati adokotala. Adokotala adzuka, adokotala madzi osamba afunda. Dasitakoti yake, chovala choyera chija, ndinkaichapa ndekha n'kuiyanika pa chingwe cha kutsogolo, osati cha kuseri, kuti odutsa aione. Pamsika munthu akangotsokomola pafupi ndi benchi langa, ndinkamuuza kuti pitani kuchipatala mukanene kuti mukufuna mwana wa NyaLongwe. Ngakhale wobwera kudzagula kamulu kamodzi ka usipa ankachoka atamva mbiri yonse.

Nyengo ya mvula itafika, mwana wa neba wanga NyaJere anayamba kutsegula m'mimba. Kanali kamtsikana kongoyamba kukwawa. NyaJere anayamba wayesa za kunyumba, monga timachitira tonse, ndiye pamene ankabwera kwa ine maso a mwana anali atalowa, liwombo litalowanso. Ndinamuuza kuti thamangani. Ndipo ndinawonjeza mawu amene ndinali nditazolowera: "Mukafika mukanene kuti mukufuna adokotala athu. Musalole wina agwire mwanayo."

Zimene zinachitika ku wodi ya ana ndinadzazimva pambuyo pake. Mwana ankafunika diripi msanga, madzi anali atamuthera m'thupi. Nesi atamuona anafuna kuitana wamkulu wa wodiyo, a Kamwendo. NyaJere anakana, anati andiuza kuti mwana wa NyaLongwe yekha. Yotamu anabwera. Inu mukudziwa kuposa ine kuti mwana wotero mitsempha imabisala. Anabaya dzanja ili, osaupeza. Dzanja linalo, osaupeza. Phazi. Nesi akumunong'oneza kuti tiitane, NyaJere ali pambali pomwepo akuti adokotala athu akwanitsa, adokotala athu akwanitsa. Iye n'kumati dikirani pang'ono. Pamene ankaitana, nthawi inali itapita. A Kamwendo anameta mwanayo pambali pa mutu n'kuika diripi pamenepo, koma tsiku lotsatira mwana anatisiya.

Kumaliro ndinapita, neba sungamuthawe. Palibe amene anandinena. Koma pamphasa pamene ndinakhala, uku ndi uku panatsala malo, pamene azimayi ena anali atapanikizana mpaka pakhomo.

Kuchokera pamenepo zinayenda mofulumira. Yotamu akangogwira singano, manja ankanjenjemera. Anayamba kutuma manesi, iye n'kukabisala kwa olemba makadi. Mnzake wina anamuuza kuti kakapu kamodzi kamakhazika manja pansi. Kakapu ka madzulo kanasanduka ka m'mawa, kachasu wa ku Masasa. Asisitala anamva fungo, anamuchenjeza. Kenako anamupeza atagona m'chipinda chosungira mabulangete, odwala akudikira pamzere. Anamuuza kuti akakhale kunyumba mpaka adzamuitane. Wotchi ya bambo ake inapita, nsapato zinapita, wailesi yanga inapita.

Ndipo masiku amenewo sanali ano, ana anga. Mwamuna tsitsi likatalika anyamata a chipani ankamugwira panjira, ndiye la Yotamu linali litafika pena. Koma tsitsi silinkandiopsa ngati pakamwa. Tsiku lina mayi wotcheza kachasuyo anabwera yekha pamsika, ananamizira kusankha usipa, n'kundiuza chapansipansi kuti mwana wanu akakhuta akumanena kuti m'chipatala mulibe mankhwala, ndipo pamowa sipakhala omwa okha. Mawu ngati amenewo nthawi imeneyo ankasowetsa munthu. Mayi ameneyo sindinamuthokoze n'komwe, ndinkachita manyazi kuoneka naye.

Tsopano za ine. Ndinkauza anthu kuti adokotala asinthidwa nthawi yogwira ntchito, n'chifukwa chake masana amagona. Dasitakoti yoyera kale, yosavalidwa, ndinkaichapabe n'kuyanika kutsogolo. Sopo kumathera bodza. Kutchalitchi ndinasiya. Ndipo ine, mayi wa yunifolomu ya mpingo, ndinafunda chitenje kumutu n'kupita kwa sing'anga ku Zolozolo, chifukwa mumtima ndinali nditagamula kuti NyaJere wamulodza mwana wanga. Mayi woti waika mwana wake m'manda, ine n'kumamuyesa mfiti. Sing'angayo anandipatsa ufa wakuda kuti ndizithira mu tiyi. Yotamu anamwa, anasanza, anapukuta pakamwa n'kupita ku Masasa kukatsukuluza.

Linali Loweruka, mwezi wa Juni, kuzizira kwathu kuja kwa mvula yowaza imene sinyowetsa msanga koma imalowa m'mafupa. Inu a kumwera amene mwangofika kumene, dikirani, muiona. Ndinali nditangoyanika dasitakoti, pamvula pomwepo, nzeru zinali zitachoka. Ndinangoona njinga yaima pampanda. Anatsika abambo aafupi a dazi, atamanga miyendo ya buluku ndi timphira. Anati monire amama, koma monire wawo anali wa munthu wa ku Dedza, zaka zonse anakhala kuno Chitumbuka chinawakana. Anati ndine Kamwendo.

Ndinadziwa kuti abwera kudzanena kuti basi, zatha.

Anayang'ana pachingwe n'kunena kuti, "Mayi, chovala ichi chikulimbikira ntchito kuposa tonsefe. A Gondwe alipo?" Ankanena Yotamu, pa dzina la bambo ake.

"Agona, adada. Ndikawadzutse?"

"Ayi, asiyeni. Ine Loweruka ndilibe kothamangira."

Ndinawapatsa mpando pakhonde. Ndinaphika tiyi, shuga munalibe m'nyumba, anamwa choncho osakwinya nkhope. Anandifunsa za usipa, kuti wabwino umabwera mwezi uti, za mabasi a ku Nkhata Bay, ngati msewu wa m'mapiri uja ukadali woterera. Ine ndikuyankha mtima uli m'mwamba. Dzuwa likanakhalapo bwenzi litafika pamutu pamene Yotamu anatuluka, maso ofiira, malaya a dzulo. Atawaona anafuna kubwerera m'nyumba.

"A Gondwe, khalani apa," anatero a Kamwendo. Anamutchula a Gondwe, ndi ulemu wake wonse, munthu akununkha choncho.

Yotamu anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Choyamba ndipepese," anatero. "Ndachedwa kubwera. Ndinkayenera kukhala nanu pansi tsiku limene mwana uja anamwalira, koma ndinati mwamuna apirira, monga ankatiuzira ifeyo. Pamenepo ndinalakwa ndine. Chachiwiri, mwana uja anafika atauma kwambiri. Kaya akanachira mukanandiitana msanga, sindikudziwa. Inunso simukudziwa, ndipo kachasu sakuuzani. Chimene ndikufuna kumva ndi chimodzi. Ndinali pafupi, chipinda cha kuseri chabe. Chinakuletsani kundiitana n'chiyani?"

Yotamu anatembenuka pang'ono, osandiyang'ana kumaso, n'kunena kuti, "Amama anamuuza NyaJere kuti asalole wina. Ndikanaitana, Mchengautuwa yense akanamva kuti mwana wa NyaLongwe sadziwa ntchito."

Ana anga, miyezi yonse ija ndinasakasaka mfiti mpaka ku Zolozolo. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe za mawu anga a tsiku lija. Ndinkayesa ndikumukweza mwana, osadziwa kuti ndamusenzetsa katundu woti sangatule anthu akuona. Ndinafuna kulira mokuwa ngati pamaliro, koma a Kamwendo anakweza dzanja.

"Mayi, kulira tidzalira tsiku lina. Kunyadira mwana si tchimo. Kungoti palibe anakuuzani kuti chaka chimenechi ndi chofunsa. Wophunzira amene sakufunsa ndi amene ife timamuopa."

Ndiye anatiuza zawo. Anati ali mnyamata, pa kachipatala kena ka kumudzi, mayi woyembekezera anamwalira m'manja mwawo, ndipo iwo anamwa mowa mpaka ntchito inatsala pang'ono kuwathera. Anawatola ndi nesi wina wachikulire amene ankawadyetsa kunyumba kwake n'kumawaperekeza kuntchito ngati mwana. Sanakokere nkhani. Anangopisa m'thumba n'kutulutsa kamphira komangira pamkono.

"Mayi, tibwerekeni mkono."

Ine jakisoni ndimamuopa chomene, funsani aliyense. Ndinati, "Adada, singano ayi."

"Palibe singano, onani m'manjamu."

Anandimanga pamwamba pa chigongono. "A Gondwe, tsinzinani. Upezeni mtsempha ndi zala."

Zala za mwana wanga zinali zozizira ngati za munthu wochokera kochapa, zikunjenjemera pakhungu langa. Pamenepo ndinazindikira kuti ndinali ndisanagwirane naye dzanja chibwerereni kuchokera ku Lilongwe. Dokotala sumamugwiragwira. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, kubwerera, kuyendetsanso. Ine osapuma. Kenako chala chinaima.

"Uwu."

"Mukuumva bwanji?"

"Ndikaukanikiza ukubwerera."

"Ndi womwewo. Lero zakwana."

Anamasula kamphira n'kukaika m'manja mwa Yotamu. Anati anakapempha kwa akuluakulu a chipatala, ndipo amupatsa mpaka mvula ikadzayamba. Akadzaona kuti wakonzeka adzasaina, akapanda kuona sadzasaina, ngakhale mayi ake agwade. Ndipo fungo likadzamveka kamodzi m'wodi, nkhani yatha.

Tinapemphera, inde, koma ndinenenso zimene tinachita, chifukwa ena mwa inu mukufuna pogwira.

Kusiya mowa kunali nkhondo. Masiku oyamba thukuta, kusanza, kuona zinthu pakhoma zimene ine sindinkaziona. A Kamwendo ankadutsa tsiku lililonse ndi timapiritsi, kumuyeza, n'kumapita. Ndikuuzeni makolo, munthu amene wamwa kwambiri musamutsekere m'chipinda kuti asiye yekha, mungamutaye. Itanani wachipatala. Atapeza mphamvu ndinamuperekeza kometa, ine kutsogolo iye kumbuyo, ngati ndikupita naye kukayamba sukulu.

Ine nkhondo yanga inali yokaima pamaso pa amayi anzanga kutchalitchi. Ndinanena zonse, za dasitakoti, za sing'anga. Anandikhazika kumbuyo kwa kanthawi, ndipo zinali zoyenera. Koma NyaMkandawire, mayi wonenepa amene ankatsogolera nyimbo, anafunsa kuti ndiye mwanayo akusowa chiyani? Ndinati akusowa mikono. Sabata yotsatira, pochoka kumapemphero, anabwera gulu kunyumba kwanga n'kukhala pamzere pakhonde atapinda malaya. Mikono yoonda, yonenepa, ya agogo ya khungu lofewa imene mtsempha umathawa ukaugwira. Yotamu kumanga, kutsinzina, kufufuza. Akafika pa NyaMkandawire thukuta linkatuluka. Iwo n'kumati, "Funafuna, mwana wane. Ukaupeza wanga, ya Mzuzu yense ndi masewera." Ena ankabwera ndi zidzukulu kumbuyo kuti azolowere timanja ta ana. Anachita zimenezi sabata ndi sabata, ndipo nthochi zanga za kuseri zinatha ndi alendo amenewo. Palibe amene anamutchula dokotala. Ndinali nditawapempha.

A Kamwendo anamukhomera kathabwa, anaikapo kapaipi ka diripi yotha ntchito n'kuphimba ndi chubu cha njinga. Yotamu ankabaya pamenepo ndi singano yakale m'mawa ndi madzulo, mpaka chubu chinangokhala ngati sefa. Ku wodi anabwerera ngati wonyamula thireyi. Ankayenda kumbuyo kwa a Kamwendo, kuona, kufunsa, osabaya munthu. Anzake amene anayamba nawo limodzi akumudutsa, ena akuseka. Lachisanu nthawi ya nkhomaliro ankakhala awiri pansi pa mtengo kuseri kwa wodi, kukambirana za odwala a sabata imeneyo, amene achira ndi amene apita, ndi mmene mtima wake ukumvera. Ndipo anamupatsa lamulo: ukabaya kawiri osaupeza, itana, ndipo uitane mokweza. Yotamu anandiuza kuti tsiku lina a Kamwendo eni ake analephera kawiri pa gogo wina, anaimirira n'kuitana nesi pamaso pa wodi yonse kuti adzawathandize. Mwina anachitira dala, mwina ayi, sitinawafunse.

Musaganize kuti njira inali yosalala. Anagwanso Lamulungu lina, atakumana ndi mwamuna wa NyaJere pamsewu. Anabwera akudzandira. Ine mtima wakale unabwerera, ndinayamba kale kukonza bodza loti wadwala malungo. M'mawa mwake iye anati, "Amama, musavutike." Sanapite ku wodi. Anapita kunyumba kwa a Kamwendo asananyamuke, kukanena yekha. Iwo anamupatsa khasu kuti awalimire dimba tsiku lonse, n'kumuuza kuti mawa tiyambirenso.

Kwa NyaJere tinapita, ine, Yotamu ndi mkulu wa mpingo. Anatiyalira mphasa, anamvetsera mpaka tinamaliza. Anangoti, "Ndapulika," ndiye kuti ndamva. Patapita nthawi anasamuka. Tikakumana pamsika timapatsana moni, ndipo sindimupempha zoposa pamenepo. Mwana wake sanabwerere.

Munthu woyamba kubayidwa ndi singano yeniyeni ndinali ine. Kuchipatala kunkafunika magazi, ndipo nthawi imeneyo anthu ankaopa kupereka, mphekesera za magazi zinali mbwee. A Kamwendo anati, mayi, mkono uja tikuufunanso, koma ulendo uno singano ilipo. Ndinagona pakabedi, nkhope nditalozetsa kukhoma, ndikuimba nyimbo ya Chitonga chamumtima. Ndinadikira kupweteka, ndinadikira. Ndinati, "Yotamu, baya msanga ndisanathawe." Anati, "Amama, botolo lafika kale pakati." Pobwerera ndinadzera pamsika, lilime likundiyabwa kuti ndiuze aliyense. Ndinangogula tomato n'kumapita.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Kamwendo anali asananene kanthu za kusaina. Mvula inagwa, anthu anadzala, iwo ali chete. Ndipo mukudziwa, mvula ikayamba ana otsegula m'mimba amadzaza wodi. Tsiku lina Yotamu atabwera kuchokera kuntchito anakhala pakhonde osavula nsapato. Ndinamununkhiza chapatali monga ndinali nditazolowera. Panalibe fungo.

"Zatha, amama," anatero. "Lero anabwera mwana ngati uja. Wouma chimodzimodzi. A Kamwendo anati ndi wanu uyu, iwo n'kutuluka. Ndinabaya kamodzi, ayi. Kachiwiri, ayi."

"Ndiye?"

"Ndinaitana. Ndinakuwa mpaka a ku wodi ya amuna anamva. Analowa nthawi yomweyo, anandigwira dzanja, tinaika pamutu."

"Mwanayo?"

"Mmene ndimachoka amayamwa."

"Nanga chatha n'chiyani?"

"Amenewo anali mayeso, amama. Ndalephera anthu onse akuona."

Ndinangomuvula nsapato, n'kukhala naye pompo.

M'mawa mwake anapita ndi mtima wokatsanzika. A Kamwendo anamuitanira mu ofesi, pepala lili patebulo atasaina kale. Anamuuza kuti, "A Gondwe, dzulo sindinapite patali, ndinali kuseri kwa chitseko. Mtsempha wa mwana wotero umandithawa ngakhale ine, ndipo udzakuthawaninso. Ndinkadikira kumva mawu anu. Tsopano ndikhoza kukusiyirani ana a anthu."

Yotamu ali pantchito mpaka lero, imvi zayamba, mowa sanaubwererenso. A Kamwendo anapuma kalekale, atamwalira anakagona kwawo ku Dedza. Tinapita kukawaperekeza pa lole, ndi NyaMkandawire yemwe, ngakhale kumukweza kunafuna amuna angapo.

Makolo anzanga, mwana akabwera kuchokera ku wodi musamufunse kuti wachiritsa angati. Mufunseni ngati wadya, ndipo ngati pali wamkulu amene amakhala naye pansi. Inu akuluakulu a mawodi amene muli muno, mukaona wophunzira wayamba kuzemba ntchito imene ankaigwira bwino, mufunseni sabata yomweyo chimene chachitika, musadikire kuti mumve fungo. Mulungu amene anatidzutsa ife sanatope, ulemu upite kwa Iye. Yewo chomene pondimvetsera.

Koma ndisanakhale pansi. Ndikudziwa kuti m'chipinda muno muli wina amene nkhope ya wodwala wina sikumuchoka m'maso. Sindikuuzani kuti muimike dzanja, ayi, anzanu akuona. Tikamaliza kuimba ine ndikhala patebulo la tiyi pakhomo paja, wothira ndine. Bwerani ndi kapu ngati wina aliyense. Ndikakufunsani za shuga, mukhoza kuyankha za shuga basi, palibe cholakwa. Mukangoima pang'ono osachoka, ndidziwa. Yotamu wabwera nane, wakhala panja pabenchi, ndikulozerani ndi maso.